Besi yopanda mafureti: mtengo uti, kapangidwe kati, ndalama muike pati?

Mafureti a besi yanga yoyamba, tizitsulo tija topingasa pa khosi la gitala, ndinawazula ndekha Loweruka lina masana, nditakhala pakhonde. Ndinali ndi simbi yamakala yotenthetsera tizitsuloto kuti guluu afewe, kampeni ka kukhitchini ndi chopanira misomali. M'mutu mwanga munali Bakithi Kumalo, mnyamata wa ku South Africa uja amene besi yake imachita ngati ikuyankhula pa chimbale cha Graceland cha Paul Simon cha mu 1986. Ndinatseka mipata ndi phala la utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupala ndi sandipepa, n'kubwezera nsambo. Nditalumikiza ku ampu ndinamva du, du, du, ngati munthu akumenya pilo. Kulira kotambasuka kuja kumene oimba besi amakutchula kuti mwaa kunalibe ndi pang'ono pomwe.

Mlandu ndinaukankhira pa thupi la besiyo. Linali la mtengo wotchipa wosadziwika dzina, ndiye ndinangoti basi, popanda mtengo wapamwamba palibe chimene ndingaphule. Panapita miyezi ndisanadziwe kuti thupilo linalibe mlandu. Nut, kafupa kaja ka kumutu kumene nsambo zimadutsapo, kanali kakadali pa msinkhu wa mafureti, choncho nsambo zinali m'mwamba kwambiri. Khosi nalo linali litapindikira kutsogolo chifukwa phala langa la utuchi linali lofewa. Nditakonza ziwirizi, besi yomweyo, ya mtengo wosadziwika womwewo, inayamba kuimba.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa mukamawerenga zimene ogulitsa amalemba, mumapeza mndandanda wa mitengo, uliwonse ndi mawu ake: uwu wotentha, uwu wowala, uwu wakuya. Zina mwa izo n'zoona, koma amazisanja molakwika. Pa besi yopanda mafureti, mtengo umene uli pafupi ndi nsambo ndiwo umalamula, ndipo mphamvu yake imanka icheperachepera mukamatalikira. Thabwa la zala ndilo loyamba, khosi lachiwiri, thupi kumapeto kwenikweni.

Kodi mwaa amachokera kuti?

Pa besi wamba, mukadina nsambo imakhala pa kachitsulo. Mtengo wa pansi pake sugundana ndi nsambo, ntchito yake n'kungogwira kachitsuloko. Mukachotsa mafureti, nsambo imapanikizika pakati pa mnofu wa chala chanu ndi mtengo. Mnofu ndi wofewa, umamwa mphamvu, n'chifukwa chake fretless, besi yopanda mafuretiyi, mawu ake amayamba mofatsa ndipo sakhalitsa ngati a besi ya mafureti. Koma pali chinanso. Kutsogolo pang'ono kwa chala, nsambo ikamanjenjemera imakhudzakhudza thabwa, kulisiya, kulikhudzanso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kukhudza kumeneko kumadzutsa timawu tapamwamba timene timabwera mochedwerapo, noti itayamba kale. Ndiye khutu limamva ngati noti ikutsegula pakamwa: mwaa. Kunena zoona ndi kunjenjemera komwe kuja kumene timadana nako pa besi ya mafureti, kungoti kuno kwaleredwa bwino.

Kumbukiraninso kuti pickup ya maginito, kachipangizo ka pansi pa nsambo kotumiza mawu ku ampu, simva mtengo. Imamva chitsulo cha nsambo chikuyenda, basi. Mtengo umalowerera pa mawu mwa njira imodzi yokha, yolanda nsambo mphamvu, pena msanga, pena mochedwa, pa manoti ena kwambiri, pa ena pang'ono. Mukagwira mfundo imeneyi, zambiri zimene amalonda amanena mukhoza kuzisefa nokha.

Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo. Babatoni, besi yathu ya nsambo imodzi ija imene Madalitso Band ndi Gasper Nali afika nayo kutali, ilibe mafureti, ndipo woimba amayendetsa botolo pa nsambo. Botolo ndi lolimba komanso losalala, n'chifukwa chake mawu amatuluka akuthwa ndi otambasuka. Yesani kudina nsambo yomweyo ndi chala, mumva kusiyana. Nkhani yonse ya thabwa la zala yagona pomwepo: chimene chikugunda nsambo n'cholimba bwanji, ndipo n'chosalala bwanji.

Thabwa la zala

Amisiri a mitengo amayeza kulimba ndi muyeso wa Janka, womwe ndi mphamvu yofunika kukankha kampira kachitsulo ka mamilimita 11.28 kuti kalowe theka m'thabwa. Ebony wa ku Gabon amafuna mapaundi pafupifupi 3,080, rosewood wa ku India 2,440, pau ferro 1,960, wenge 1,930, maple wolimba 1,450. Manambalawa sakuuzani zonse, koma amathandiza kumvetsa chifukwa chake amisiri ambiri akamapanga fretless dzanja limathamangira ebony.

Ebony ndi wakuda bii, timabowo take n'tating'ono kwambiri moti akapalidwa bwino amakhala see ngati galasi ngakhale osapakidwa kanthu. Noti imayamba momveka bwino, imakhalitsa, ndipo mwaa amabwera mosavuta koma mosapitirira muyeso. Amapirira nsambo zokhakhala, zija za roundwound, kwa zaka asanakumbike. Tony Franklin, amene amaimba rock pa fretless, besi yake ya Precision ya kampani ya Fender ili ndi ebony wopanda mizere, ndipo mawu ake amaboola ngakhale pakati pa magitala aphokoso. Vuto la ebony ndi nyengo. Amafufuma ndi chinyezi n'kufota kukauma kuposa mitengo ina yambiri, ndipo akauma mopitirira amang'aluka timing'alu tating'ono. Kwa ife amene timachoka m'kutentha kouma kwa Okutobala n'kulowa m'chinyezi cha Januwale, izi si nkhambakamwa. Besi ya ebony musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa kapena m'chipinda cha malata chopanda siling'i, ndipo kamodzi kapena kawiri pachaka muziipaka timafuta ta thabwa pang'ono.

Rosewood ndiye amapezeka pa mabesi ambiri, makamaka amene anazulidwa mafureti pambuyo pake. Ali ndi mafuta akeake ndipo timabowo take n'totseguka, choncho mawu amakhala ofewerapo, ozungulira, pamwamba posalasa khutu. Anthu ena amamupeputsa ngati ebony wa osauka, ine ndimakana. Pino Palladino anatchuka mu 1983 poimbira Paul Young ndi Music Man StingRay yopanda mafureti, ndipo mawu amenewo mpaka lero anthu akuwasakabe. Pa nyimbo zodekha, pa kwaya, paliponse pamene besi ikufunika kufungatira oimba osati kupikisana nawo, rosewood ndi bwenzi. Chofooka chake n'chakuti roundwound zimamudya. Poyamba mumangoona timizere towala pansi pa nsambo, timene sitivuta. Pakapita zaka timasanduka tinjira, makamaka pa malo amene mumadinapo kawirikawiri, ndipo manoti ena amayamba kulira mosiyana ndi anzawo. Mmisiri wodziwa amapala thabwa lonse kuti lifanane, koma thabwa silipalidwa mpaka kalekale, limatha.

Pau ferro anafala kwambiri kuyambira mu 2017, pamene pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zikutha, linaika mitundu yonse ya Dalbergia, banja la rosewood, pa mndandanda wofuna ziphaso podutsa malire. Fender inasinthira ku pau ferro pa zida zake zopangidwa ku Mexico. Lamulolo linafewetsedwa pa zida zoimbira kumapeto kwa 2019, koma mtengowo unali utadziwika kale. Oimba magitala ena amadandaula kuti mtundu wake ndi wotuwa, koma pa fretless ndi mtengo wabwino zedi. Ngakhale nambala yake ya Janka ili pansi pa rosewood, timabowo take n'tothinana, ndiye umasalala pafupifupi ngati ebony ndipo mawu ake amagwera pakati pa awiriwo. Mukaipeza fretless ya pau ferro pa mtengo wabwino musazengereze chifukwa cha maonekedwe.

Maple payekha sakwanira. Ndi woyera, amada msanga, ndipo sangapirire nsambo popanda chopaka. Fender itayamba kugulitsa Precision yopanda mafureti mu 1970, zina zinkatuluka ndi maple wopakidwa vanishi wolimba. Zimene mumamva pamenepo si maple kwenikweni koma vanishiyo, ndipo vanishi akangobooka pamalo amodzi thukuta limalowa, dontho lakuda n'kuyamba kukula. Wenge naye ndi wolimba ndithu koma timabowo take n'takuluakulu ngati tingalande, zala zimamva, ndipo pa thabwa la fretless ine sandisangalatsa. Malo ake ndi m'khosi, tifikako.

Tsono pali njira ya Jaco Pastorius, katswiri wa besi ya jazz wa ku America, imene inasokoneza mkangano wonse wa mitengo. Akuti Jaco anazula yekha mafureti pa Fender Jazz yake ya mu 1962, n'kupaka thabwa la rosewood epoxy, utomoni wouma gwa womatira maboti, kangapo konse kuti nsambo zake za Rotosound zisalikumbe. Cholinga chinali kuteteza, koma chotsatira chake chinali mawu atsopano: owala, okhalitsa, mwaa wochuluka ngati lipenga. Kampani ya Pedulla ya ku America inatengera nzeru yomweyi pa besi zake za Buzz, zimene thabwa lake linkakutidwa ndi utomoni wa polyester wonyezimira. Apa mfundo yofunika ndi iyi: mukapaka epoxy wochindikala, mtengo wapansi sumvekanso kwenikweni. Kulipira ndalama zambiri pa ebony wosankhika kenako n'kumukwirira mu epoxy kuli ngati kuvala suti yodula mkati mwa ovolosi. Amene ali ndi rosewood wotchipa koma akufuna mawu a Jaco, njira yake ndi yomweyi. Ena amagwiritsa ntchito supa guluu, kupaka kagawo kopyapyala kambirimbiri n'kumapala pakati, ndipo zimagwira, kungoti nthunzi yake imaluma m'maso, chitirani panja. Koma dziwani kuti thabwa lopakidwa silibisa kanthu. Chala chikaphonya ndi milimita imodzi, mpingo wonse umva. Ndipo amene akufuna mawu akuya ngati a besi yaikulu yoimirira ija ya jazz, epoxy amutengera kutali ndi kumene akupita.

Palinso matabwa opanga, osati omera. Ebonol, amene Squier inaika pa Jazz yake yotchipa yopanda mafureti, ndi mapepala opanikizidwa ndi utomoni wa fakitale. Zon, kampani imene imapangira mabesi woimba fretless Michael Manring, imagwiritsa ntchito mtengo womwetsedwa utomoni wotero. Anthu okonda zachilengedwe amakwinya nkhope, koma ine ndimati kwa woimba wa kuno, amene besi yake imakwera minibasi, kugona m'tchalitchi ndi kuimba panja pa ukwati, thabwa losamva chinyezi ndi dalitso. Mawu ake ali pafupi ndi a epoxy, mwina ouma pang'ono.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti, nanga phingo? Phingo wathuyu, amene osema ziboliboli amamukonda, ndi Dalbergia melanoxylon, m'bale weniweni wa rosewood, ndipo pa Janka amafika cha m'ma 3,670, kuposa ebony. Ndi amene azungu amapangira ma clarinet ndi ma oboe. Pa thabwa la fretless angachite bwino kwambiri: wolimba, wamafuta, wosalala. Chovuta n'kumupeza. Mtengo wake ndi waufupi, wokhotakhota, kawirikawiri wobooka pakati, pamene inu mukufuna thabwa lowongoka la masentimita pafupifupi 70 lopanda mng'alu, louma kwa zaka osati miyezi. Mafuta ake amakanitsanso guluu ngati mmisiri sanapukute bwino asanamate. Ndiponso ndi mtengo wotetezedwa umene ukutha m'nkhalango zathu, choncho funsani kumene thabwalo lachokera, ndipo musaganize zodutsa nalo malire lili losasema popanda chiphaso.

Khosi ndi noti imene imafa

Tengani besi ya mtundu wa Fender, muimbe nsambo ya G kuyambira kumutu kutsika, noti iliyonse muisiye ilire mpaka ithe yokha. Mukafika cha pa C sharp kapena D, malo a fureti ya 6 kapena 7, kawirikawiri mupeza noti imodzi imene imangoti pho n'kuzima anzake akadalira. Oimba amaitcha dead spot. Helmut Fleischer, katswiri wa ku Munich ku Germany, anayeza zimenezi ndipo anaonetsa kuti khosi nalo lili ndi manoti akeake amene limanjenjemera nawo. Noti ya nsambo ikakumana ndi noti ya khosi pamalo pamene khosilo limagwedezeka kwambiri, mphamvu imathawira mu mtengo. Pa besi ya mafureti mukhoza kuzemba osazindikira. Pa fretless, pamene nyimbo yonse yatsamira pa manoti aatali otsetsereka ndipo chala chikumwa kale mphamvu, noti yakufa imaonekera ngati dzino loguluka.

N'chifukwa chake kuuma kwa khosi, ndiko kuti kusagwedezeka ndi kusapindika wamba, kuli kofunika kuposa dzina la mtengo wake. Khosi la maple la thabwa limodzi, la mtundu wakale wa Fender, ndi lopepuka ndipo lili ndi kufewa kwina kumene anthu amakukonda, koma ndilo limakonda kukhala ndi noti yakufa pamalo ndatchulawa, komanso limayenda ndi nyengo. Khosi lomata matabwa atatu kapena asanu, maple kuphatikiza wenge, bubinga kapena purpleheart, limauma kwambiri ndipo silipotoka wamba chifukwa matabwawo amakokerana. Warwick ya ku Germany inatchuka ndi makosi a wenge ndi ovangkol, ndipo kubangula kwa pakati kumene mabesi ake amadziwika nako anthu ambiri amakuloza kumeneko. Kwa amene ali ku Tete kapena kufupi ndi malire, panga panga wa ku Mozambique ndi m'bale wa wenge, onse ndi a banja la Millettia, ndipo amisiri amamugwiritsa ntchito mofanana.

Ena amabisa timitengo ta carbon m'khosi la mtengo, mbali zonse za truss rod, chitsulo chija chowongolera khosi. Kumapeto kwenikweni kuli makosi a graphite okhaokha, a Steinberger, Modulus, Status ndi Zon. Amenewa noti iliyonse imalira mofanana, ndipo Okutobala ndi Januwale kwa iwo n'chimodzimodzi. Ena amati mawu ake ndi ozizira, opanda moyo. Ine ndinaimbapo imodzi ya mnzanga kwa sabata ziwiri, ndipo chimene ndinaona n'chakuti sinkandithandiza kubisa ulesi wa dzanja lamanzere. Mwina kuzizira kumene amanenako n'kumeneko. Mtengo wake wogulira ndiye wosayamba.

Ngati besi muli nayo kale ndipo ili ndi noti yakufa, yesani kukanikiza mutu wake kukhoma uku mukuimba notiyo. Ikadzuka, ndiye kuti kulemera kwa mutu kukhoza kuisuntha. Kachitsulo kopanira kumutu, monga Fatfinger, kapena makiyi opepukirapo, sizichotsa vutolo koma zimalisamutsira pa noti ina, mwina imene simuigwiritsa ntchito kawirikawiri.

Za utali ndingonena mwachidule. Muyeso wamba ndi mainchesi 34. Wa 35 umathandiza nsambo yachisanu ya B kuti isakhale lende, koma manoti amatalikirana ndipo dzanja laling'ono limavutika kulondola. Wa 30 umapereka mawu onenepa ofewa, koma kumtunda manoti amathithikana moti kuphonya n'kosavuta.

Kumanga ndi masikuluwu, kumata, kapena khosi lopyoza thupi

Apa mpamene amalonda amakokomeza kwambiri. Amati khosi lopyoza thupi lonse, ngati la Rickenbacker 4001, Alembic kapena Pedulla, limasunga mawu nthawi yaitali, pamene lomanga ndi masikuluwu limadumpha msanga n'kutha msanga. Mmisiri wina wa ku America, R. M. Mottola, anayesa zimenezi mu 2007 pogwiritsa ntchito chida chimodzi chimene ankachisintha malumikizidwe. Anapeza kusiyana kochepa kwambiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti cha masikuluwu ndicho chinakhalitsa pang'ono kuposa zinazo. Anthu omvetsera sanathe kusiyanitsa.

Sindikuti mabesi opyoza khosi samveka mosiyana. Ambiri amamveka mosiyanadi, koma chifukwa chake n'chakuti nthawi zambiri amakhala ndi khosi louma la matabwa asanu, thabwa la ebony ndi zamagetsi zodula. Ubwino wawo weniweni pa fretless ndi wa dzanja: palibe chidendene chotchinga mukamakwera kumanoti apamwamba, kumene fretless imaimba mokoma. Ubwino wa masikuluwu ndi wa m'thumba. Khosi likapotoka mumamasula n'kuika lina, kapena mumaika kapepala kolimba pansi pake kuti nsambo zitsike. Mukhozanso kukhala ndi makosi awiri pa thupi limodzi, lina la mafureti lina lopanda. Kuno kumene amisiri a magitala ndi owerengeka, ine ndingasankhe masikuluwu popanda kuganiza kawiri, bola khosi likhale lokhazikika gwa m'malo mwake, losagwedera mukalikankha cham'mbali.

Thupi

Alder ndi wopepuka bwino ndipo sakondera mbali, ndiye anali pa Jazz ya Jaco. Swamp ash amapepuka kuposa apo ndipo ambiri amati amamveka motseguka. Mahogany amamutcha wotentha, ndipo amene amalembedwa kuti African mahogany m'makatalogi ndi Khaya, banja la mbawa yathu yomweyi imene akalipentala amapangira zitseko ndi makabati. Bubinga ndi maple ndi olemera ngati mwala. Kusiyana kwa mawu kulipo, makamaka mukamaimba osalumikiza ku ampu, koma kukafika pa sipika, ng'oma zikulira, kiyibodi ili pakati, n'kochepa kuposa kumene mungapeze pongosuntha dzanja lamanja masentimita asanu kulowera ku bridge, pamene nsambo zimathera pa thupi. Chimene thupi limalamula mosakayikitsa ndi phewa lanu. Besi ya makilogalamu 4 ndi ya makilogalamu 5 zimasiyana kwambiri pa ola lachitatu la mapemphero a usiku wonse. Thupi lopepuka kwambiri nalonso lili ndi vuto lake, mutu umagwera pansi, ndiye dzanja lamanzere limagwira ntchito ziwiri, kunyamula khosi ndi kusaka noti. Pa fretless zimenezo zimakuphonyetsani.

Kathabwa kokongola ka pamwamba kaja, kamizeremizere ngati moto, n'ka maso basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ndaonapo mabesi owala ngati mipando ya ku hotela koma thabwa la zala lili ndi zitunda.

Pali mtundu umodzi wokha pamene thupi limalamuladi. Ndi mabesi obooka mkati okhala ndi pickup ya piezo pansi pa bridge, monga Godin A4 ya ku Canada kapena za Rob Allen. Piezo imamva kugwedezeka kwa mtengo, osati chitsulo cha nsambo chokha, choncho thabwa la pamwamba ndi mphako zake zimalowa m'mawu. Mukaikapo nsambo zokutidwa ndi nayiloni wakuda mumayandikira kwambiri besi yoimirira ija, mawu a thabwa, akuya, ofulumira kuzima. Pa gulu laling'ono la magitala osalumikiza n'zokoma zedi. Pa siteji yaphokoso zimalira zokha ndi sipika.

Ndiye musankhe chiyani?

Musanasinthe mtengo uliwonse, sinthani nsambo ndi msinkhu wake. Roundwound zimapereka mwaa wambiri koma zimadya thabwa, flatwound zosalala zija zimasunga thabwa ndipo mawu ake ndi akuda, ofatsa. Khosi la fretless limafuna kukhala pafupifupi lowongoka, kupindika kwake kochepa kuposa kwa besi ya mafureti, ndipo pa nut nsambo zitsike mpaka kapepala kamodzi kolimba kazingolowa movutikira. Zimenezi zokha zimasintha mawu kuposa kuchoka pa rosewood kupita pa ebony. Ndipo pogwedeza noti, yendetsani chala motsata nsambo ngati woimba violin, osati kuikoka cham'mbali ngati wa gitala, chifukwa kukokako ndiko kumapala thabwa.

Amene akufuna mawu oimba patsogolo, a Jaco kapena a Bakithi, atenge thabwa lolimba, epoxy, ebonol kapena ebony, aike roundwound, atsitse nsambo, ndipo adalire pickup ya ku bridge. Amene ntchito yake ndi kugwira pansi pa kwaya kapena nyimbo zodekha, rosewood kapena pau ferro wosapaka ndi flatwound amukwanira, ndipo thabwa lidzakhala zaka zambiri. Amene ali ndi besi imodzi yokha yoti izichita zonse, ebony wosapaka pa khosi lomata matabwa angapo ndiye pakati pabwino. Ndipo musanyoze zotchipa. Bakithi mwiniwake amanena kuti anagula Washburn yake yopanda mafureti chifukwa ndiyo inali yotsika mtengo m'sitolo, palibe ankaifuna. Bill Wyman wa Rolling Stones naye fretless yake inali besi yotchipa imene anaizula yekha mafureti, Ampeg isanatulutse ya kufakitale mu 1966.

Za mizere pa thabwa, kaya ikhalepo kaya ayi, pa mawu sizisintha kanthu bola yatsekedwa bwino. Imathandiza maso, makamaka pa siteji pamene simukudzimva. Chenjerani ndi chimodzi: pa besi yobadwa yopanda mizere, timadontho ta m'mbali timakhala penipeni pa noti, koma pa yozulidwa mafureti timakhala pakati pa mizere iwiri. Mukazolowera imodzi n'kubwereka inayo, muimba nyimbo yonse muli pambali.

Mukaganiza zozula nokha, musabwereze zanga. Tenthetsani fureti iliyonse musanaikoke kuti thabwa lisanyotsoke, ndipo m'mipatamo, yomwe ndi yopyapyala kupitirira pang'ono theka la milimita, mulowetse timatabwa tolimba kapena pulasitiki wolimba, osati phala, kuti khosi lisapindike. Popala gwiritsani ntchito chipika chachitali chowongoka chogwirizana ndi kukhota kwa thabwalo, osati sandipepa wa m'manja. Besi yanga yachiwiri ndinaipereka kwa kalipentala wina waluso pa mipando, iye n'kuipala ndi makina mpaka thabwa linakhala lafulati pakati ndi lotsetsereka kumapeto, nsambo ya G ikungoti nzii paliponse. Tinachita kumata thabwa lina.

Pogula, kaya m'sitolo kaya kwa munthu, zimitsani ampu kaye. Imbani noti iliyonse pa nsambo iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto, mukuwerenga chamumtima kuti ikutha pa nambala yanji. Kenako tsetserekani pang'onopang'ono nsambo yonse ndi chala chimodzi. Mukamva mwaa akukula pena n'kuzimirira pena, thabwalo lili ndi zitunda ndi zigwa, ndipo mtengo wa mmisiri wopala muuchotseretu pa ndalama imene mwiniwake akutchula.